Seva ikutsamwa pa nthawi ya mayeso: tiikulitse kapena tichulukitse?

Wa Moodle ku Zomba:
Akuluakulu ndi achemwali pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira Moodle, pulogalamu yophunzirira ndi kulembera mayeso pa intaneti, ya koleji ina yaing'ono. Zonse zili pa seva imodzi yomwe timabwereka pa cloud: ma vCPU 4, RAM 8 GB, ndipo database, PHP (chilankhulo chimene Moodle inalembedwamo) ndi mafayilo a ophunzira zonse zili mommo. Masiku wamba imayenda bwinobwino. Koma ikafika sabata ya mayeso, aphunzitsi akangotsegula quiz 8 koloko m'mawa, ophunzira onse n'kulowa nthawi imodzi, seva imangoti zii. Ena mayankho awo amatayika asanatumize, ndipo akabwera kudzadandaula ku ofesi mtima umandipweteka chifukwa vuto si lawo. Abwana akufuna ndondomeko ndi mtengo wake pofika Lachisanu. Ndikuona njira ziwiri: kukulitsa seva yomweyi ifike ma vCPU 16 ndi RAM 64 GB, kapena kutenga ma seva anayi ang'onoang'ono n'kuika patsogolo pawo load balancer yogawa olowa pakati pa ma sevawo. Yotchipa ndi iti? Timalipira m'madola, ndipo za dola mukuzidziwa kale.

Mkulu wa ma Seva ku Blantyre:
Achimwene, musanatulutse ndalama iliyonse tatiuzani kaye: ikamatsamwa, chimene chimadzaza ndi chiyani? CPU, RAM kapena disiki? Mwayang'anapo pa zida zoonetsa zimenezi, htop ndi iostat, pa nthawi yeniyeni ya quiz?

Wa Moodle ku Zomba:
Ndayang'ana akulu. RAM imatheratu, swap (malo a pa disiki othandizira RAM ikatha) n'kudzaza, kenako database yathu ya MariaDB imayamba kudya CPU yonse. Ma process a PHP-FPM, amene amakonza masamba a Moodle, amangounjikana akudikira database.

Wa ku Johannesburg:
Ine ndinganene kuti chulukitsani. Chifukwa chake ndi ichi: pa cloud, mtengo wa seva za banja limodzi umakwera molunjika. Tengani za AWS, cloud ya Amazon, ku dera la us-east-1 ku America. m5.xlarge ili ndi ma vCPU 4 ndi RAM 16 GB, mtengo wake ndi $0.192 pa ola. m5.4xlarge ili ndi ma vCPU 16 ndi RAM 64 GB, mtengo wake $0.768 pa ola. Mukachulukitsa 0.192 kanayi mupeza 0.768 yomweyo. Ndiye seva yaikulu sikupatsani mtengo wa pikulitsa ayi. Koma mukaitenga yaikuluyo n'kuisiya ikuyaka mwezi wonse, mulipira pafupifupi $560 pa mwezi, pamene mphamvu zakezo mumazifuna sabata imodzi yokha. Masabata enawo mukulipirira makina ogona. Ndi ma seva anayi, imodzi imayaka mwezi wonse, zitatu zinazo mumaziyatsa pa mayeso basi. Imodzi ikafa, zinazo zimapitiriza ntchito. Mitengo ya ku Cape Town, dera lomwe AWS inatsegula mu 2020, ndi yokwererapo, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Mchemwali wa Database:
Achimwene a ku Johannesburg, masamu anu ali bwino koma mwawerengera ma seva okha. Werenganinso zimene mnzathuyu walemba: yomwe ikulira ndi MariaDB. Mukaika ma seva anayi a PHP, database ikhalabe imodzi, ndipo tsopano ikhala ikumenyedwa ndi anayi m'malo mwa mmodzi. Vuto mwalikulitsa.

Ndiye palinso zinthu zimene Moodle imafuna mukaigawa. Foda ya moodledata iyenera kuoneka chimodzimodzi pa seva zonse, apo ayi wophunzira atumiza assignment pa seva yoyamba, mphunzitsi n'kukaifuna pa yachitatu osaipeza. Ndiye mufunika NFS kapena EFS, malo osungira mafayilo amene ma seva onse amawaona limodzi. Ku us-east-1 komweko EFS ndi $0.30 pa GB pa mwezi, pamene disiki wamba ya gp3 ndi $0.08. Kusiyana kwake ndi pafupifupi kanayi, pa mafayilo omwewo. Ma session, omwe amakumbukira amene walowa, ayenera kuchoka pa disiki kupita ku Redis, pulogalamu yosunga deta mu RAM, ndiye ndi chinthu china choti mulipire ndi kuyang'anira. Load balancer ya AWS payokha imayambira pa $16 pa mwezi musanawerengere deta yodutsamo. Kuyambira February 2024 adiresi iliyonse ya IPv4 yoonekera kunja amalipitsa $0.005 pa ola. Mukaika ma seva m'ma zone osiyana (nyumba za ma seva zosiyana m'dera limodzi) kuti asafere limodzi, deta yodutsa pakati pa ma zone ndi $0.01 pa GB mbali iliyonse. Kachinthu kalikonse n'kakang'ono, koma bilu ikamabwera zonse zimabwera pamodzi.

Wa ku Johannesburg:
Zoona achemwali, koma zimenezo zonse mukaziphatikiza sizifika $560.

Mchemwali wa Database:
Sizifika, koma ndani wanena kuti seva yaikulu iyenera kuyaka mwezi wonse? Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Kukulitsa seva pa cloud si ukwati. Mumaizimitsa, n'kusintha mtundu wake, n'kuiyatsanso, mphindi zochepa zatha. Mayeso a koleji sabwera modzidzimutsa, ali pa kalendala kuyambira tsiku lotsegulira. Lamlungu usiku mayeso asanayambe mwaikweza, Loweruka atatha mwaitsitsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi mitengo yanu yomweyo. Mwezi tiutenge ngati maola 730, sabata ndi maola 168. Njira yokulitsa: m5.4xlarge kwa maola 168 ndi $129, m5.xlarge kwa maola 562 otsalawo ndi $108, zonse $237. Njira yochulukitsa: m5.xlarge imodzi mwezi wonse ndi $140, zitatu zowonjezera kwa maola 168 ndi $97, zonse $237. Ndendende. Kusiyana n'kwakuti pa njira yachiwiriyi muwonjezerapo load balancer, EFS, Redis ndi seva ya database payokha, ndipo zimenezi zambiri zimayaka mwezi wonse ngakhale mayeso kulibe.

Wa Akaunti ku Lilongwe:
Ine za ma core sindizidziwa kwenikweni, koma ndine amene ndimasaina mapepala a malipiro ngati amenewa, ndiye ndiloleni ndilankhulepo. Chimene chimandisowetsa tulo si kukula kwa bilu kokha ayi, ndi kusadziwika kwake. Kuti ndipeze dola ku banki ndimayenera kupempha ndi invoice, n'kudikira. Bilu ya $200 mwezi uliwonse ndingaikonzekere. Koma bilu yomwe lero ndi $150, mwezi wamawa $400 chifukwa makina adzichulukitsa okha usiku, imeneyo ingachititse kuti akaunti itsekedwe tisanapeze ndalama. Ndipo musaiwale kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Bajeti imene inavomerezedwa m'makwacha kumayambiriro kwa chaka inapezeka kuti siikwaniranso, seva ili yomweyo. Ndiye aliyense wobwera ndi autoscaling azibweranso ndi malire ake olembedwa.

Mkulu wa ma Seva ku Blantyre:
Mayi a akaunti mwagunda pomwepo. Ndiwonjezere mtengo wina umene suoneka pa invoice iliyonse: nthawi ya munthu. Mnzathu wa ku Zombayu ali yekha, kapena ndi wothandizira mmodzi. Munthu yemweyo ndi amene amakonza printa ya ku ofesi ya registrar, ndi amene amaitanidwa Wi-Fi ikavuta ku laibulale. Basi yaikulu imodzi imafuna dalaivala mmodzi ndi kondakitala mmodzi. Maminibasi anayi anyamula anthu omwewo, koma aliyonse ifuna woiyendetsa, insuransi yake, matayala ake, kuphatikiza wina woimirira pa depoti kugawa anthu. Ma seva anayi ndiye kuti ma update a PHP kanayi, ma log m'malo anayi, plugin iliyonse ya Moodle kuonetsetsa kuti yafika ponseponse mofanana. Zimatheka ndi Ansible, chida chokonzera ma seva ambiri nthawi imodzi, kapena chithunzi chimodzi cha seva, koma kuzimanga ndi kuzisamala ndi ntchito ya masabata, ndipo munthuyo akadzachoka pa kolejipo wobwera pambuyo ayenera kuzimvetsa.

Ndimakonda kukumbutsa achinyamata za Let's Encrypt. Awa ndi amene amapereka ma certificate a HTTPS kwa mawebusayiti mamiliyoni mazanamazana. Mu 2021 analengeza kuti database yawo ya MariaDB ikuyenda pa makina a Dell okhala ndi ma processor awiri a AMD EPYC, ma core 64 onse pamodzi, RAM 2 TB ndi ma disiki a NVMe 24. Kulemba konse kumapita pa seva imodzi yaikulu, zinazo ndi zokopera. Stack Overflow nayo mu 2016, ikutumikira dziko lonse la olemba mapulogalamu, inali ndi ma web server 11 ndi ma SQL Server 4 okha. Ngati amenewo anakwana pa makina owerengeka, koleji ya ku Zomba ili kutali kwambiri ndi denga la seva imodzi.

Wophunzira ku Mzuzu:
Pepani akuluakulu, ine ndikadali pa sukulu, koma m'kalasi anatiuza kuti seva imodzi ndi yoopsa chifukwa ikafa zonse zafa. Nanga tsiku limenelo likakhala la mayeso? Komanso bwanji osangoika pa Kubernetes, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa ma seva ambiri, kuti izidzikonza yokha?

Mkulu wa ma Seva ku Blantyre:
Funso labwino mphwanga, ndipo aphunzitsi ako sananame. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza: kunyamula katundu wochuluka, ndi kusafa. Mnzathuyu vuto lake lero ndi loyambalo. Lachiwirilo lili ndi mtengo wakewake, ndipo ndi bwino abwana ake auone padera.

Tiye tiwerengere. Ukafuna kuti seva yaikulu ikafa ina ilowe m'malo nthawi yomweyo, uyenera kukhala ndi ziwiri zofanana, iliyonse yotha kunyamula katundu yense. Walipira kawiri. N'chifukwa chake database yobwereka ku AWS (RDS) ukaiika Multi-AZ, kutanthauza kukhala ndi yosungira mu zone ina, mtengo umawirikiza. Koma ngati katundu wako akufuna ma seva atatu ang'onoang'ono, iwe n'kuika anayi, yosungirayo yangowonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa ndi pamene kuchulukitsa kumapambanadi pa mtengo, ndipo a ku Johannesburg akanayambira pamenepa ndikanavomereza msanga. Funso ndi lakuti kolejiyo ikufuna kusafa kwa mlingo wanji. 99.9 peresenti ndiye kuti ukuloleza maola pafupifupi 9 a kuzima pa chaka. 99.99 peresenti ndi mphindi pafupifupi 53. Banki kapena kampani ya mobile money singalole maola 9, chifukwa mphindi iliyonse ndi ndalama za anthu. Koleji ingathe kusuntha mayeso kukhala masana, bola mayankho amene ophunzira analemba kale asatayike. Ndiye ndalama yoyamba ipite ku backup yoyesedwa ndi database yokopera, isanapite ku load balancer.

Za Kubernetes, pa AWS kungokhala ndi cluster ya EKS, yomwe ndi Kubernetes yawo, ndi $0.10 pa ola, pafupifupi $73 pa mwezi, usanaikemo seva ngakhale imodzi. Uiphunzire ndithu, idzakupatsa ntchito. Koma pa Moodle imodzi siyofunika.

Wa ku Johannesburg:
Chabwino akulu, pa database ndagonja. Koma pa PHP ndikadali pomwe ndinali. Kukweza seva kumafuna kuizimitsa. Mukaganiza molakwa, quiz itayamba n'kupeza kuti 64 GB yachepa, mulibe chochita, simungazimitse ana ali pakati pa mayeso. Pa load balancer mumangoponyapo seva ina, palibe amene adziwe.

Mchemwali wa Database:
Pamenepo mukunena zoona, ndipo ndi mfundo yamphamvu kuposa ya mtengo ija. Koma autoscaling musaidalire pa quiz. Ana amalowa onse m'masekondi 60 oyambirira. Makina asanazindikire kuti CPU yakwera, seva yatsopano isanadzuke n'kulandiridwa ndi load balancer, mphindi zingapo zadutsa ndipo chigumula chapita kale. Ngakhale pa njira yanuyo, muyenera kuyatsa ma seva pasadakhale ndi dzanja kapena pa ndandanda. Ndiye tabwerera ku kalendala konkuja.

Wa ku Manchester:
Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ndikufuna kuwonjezera za ma layisensi chifukwa ena pa gulu pano ali m'mabanki ndi m'ma SACCO komwe kuli SQL Server kapena Oracle. Kumeneko masamu amasinthiratu. SQL Server amalipitsa pa core iliyonse. Mpaka pa SQL Server 2022, Standard Edition inkalekera pa ma core 24 ndi RAM 128 GB ya buffer pool, gawo la RAM limene database imasungamo deta. Mukafuna kupitirira malire a Standard muyenera kusamukira ku Enterprise, yomwe mtengo wake pa core ndi wowirikiza kangapo. Ndiye kukulitsa seva sikukhalanso kolunjika ngati kuja a ku Johannesburg anaonetsa, pali khoma limene mukaliwoloka layisensi imadula kuposa makinawo. Anthu odziwa amagula processor ya ma core ochepa koma othamanga kwambiri, kuti alipire layisensi yochepa. Pa MariaDB ndi PostgreSQL nkhawa imeneyi kulibe, ndi mwayi wanu a ku Zomba.

Komanso tisanamizane kuti kukulitsa kulibe mapeto. Kampani ya mapulogalamu ya Figma mu 2020 inali pa database imodzi ya PostgreSQL pa makina aakulu kwambiri omwe AWS inali nawo, ndipo pamwamba pake panalibenso china chogula. Anayamba kugawa matebulo m'ma database osiyana, kenako kudula matebulo enieniwo, ntchito yomwe inatenga gulu la mainjiniya miyezi yambiri. Kampani ina, Notion, mu 2021 inagawa PostgreSQL yake m'zidutswa 480 pa ma database 32. Chimene ndimatolapo ine ndi ichi: onsewa anakwera kaye mpaka pamwamba, ndipo anagawa pamene anali ndi makasitomala ndi ndalama zolipirira ogawawo. Ndalama ya kugawa database si ya makina, ndi ya malipiro a anthu.

Wa Zaumoyo ku Mchinji:
Ife a DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsa ziwerengero za zaumoyo, tili ndi nkhani yofanana. Ma analytics table akamapangidwa usiku, chimene chimathandiza ndi RAM yambiri ya PostgreSQL ndi disiki ya SSD yothamanga. Kuwonjezera ma Tomcat, ma seva oyendetsa pulogalamuyo, sikufupikitsa ntchito imeneyo ngakhale pang'ono.

Mkulu wa ma Seva ku Blantyre:
Eya, ndi zimene Gene Amdahl ananena kale mu 1967. Gawo la ntchito limene silingagawidwe ndi limene limaika malire. Ngati gawo limodzi mwa magawo khumi liyenera kuchitika motsatizana, ngakhale mutagula makina chikwi simungathamange kupitirira kakhumi. Lamuloli limaluma mbali zonse ziwiri: ma core 64 pa seva imodzi sathandizanso ngati query imodzi yoipa yatseka tebulo, ena onse ali pa mzere.

Bambo a Network ku Kasungu:
Nanga bwanji osagula makina anuanu n'kuika pa koleji pomwepo? Mulipira dola kamodzi, basi. RAM ikachepa mumagula timitengo tina n'kubayamo. Ophunzira ali pa kampasi azilowa pa netiweki ya mkati osadya bandulo. Ngakhale azungu ena akuchoka pa cloud: kampani ya 37signals inawononga $3.2 miliyoni pa cloud mu 2022, kenako inagula makina a Dell a ndalama pafupifupi $600,000 n'kusamuka.

Wa Akaunti ku Lilongwe:
Bambo, awo anaika makina awo mu data centre yokhala ndi magetsi osazima. Ife tiwerengerenso jenereta, dizilo, mabatire a UPS ndi makina oziziritsa. Mukukumbukira namondwe Ana mu January 2022 ataononga Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yopitirira chaka. Amene anali ndi ma seva mu ofesi anaona mmene dizilo imathera.

Bambo a Network ku Kasungu:
Ndikuvomera mayi, koma mfundo yomweyo ikuthandiza mbali yokulitsa. Ngati makina ali kwanu, imodzi yaikulu imadya magetsi ochepa kuposa anayi, chifukwa seva iliyonse imadya ndithu ngakhale ikungokhala. UPS imodzi, malo amodzi mu rack. Pogula, sankhani bolodi yokhala ndi mipata yambiri ya RAM, mudzaze theka, theka linalo mudzadzaze chaka chamawa. Koma ziwiya zikafa mudziwe kuti zoloweza m'malo zichokera kunja, ndipo zitenga masabata. Disiki ndi power supply zosungira zikhale mu kabati kuyambira tsiku loyamba. Komanso lamulo la Data Protection la 2024 lili ndi zonena pa kutumiza deta ya anthu kunja kwa dziko, ndiye a koleji aliwerenge asanasankhe komwe ma rekodi a ophunzira azikhala.

Mchemwali wa Database:
A ku Zomba, pali zinthu zaulere zoti muchite musanalembe ndondomeko yanu. Yang'anani innodb_buffer_pool_size, kukula kwa buffer pool ya MariaDB. Ikangoikidwa kumene, MariaDB imabwera ndi 128 MB yokha, ndipo ndaonapo ma seva ambiri a RAM yochuluka akuyendabe pa 128 MB yomweyo, database ikuwerenga pa disiki zinthu zoyenera kukhala m'mutu. Yang'ananinso pm.max_children ya PHP-FPM, nambala ya ma process amene angayende nthawi imodzi. Ngati nambalayo ndi yaikulu kuposa zimene RAM ingakwanitse, seva imalandira anthu onse kenako n'kugwera mu swap, pamene ikanangowaimika pa mzere kwa masekondi awiri. Yesani kukula kwa process imodzi, mugawe RAM yotsala ndi nambala imeneyo. OPcache, yofulumizitsa PHP, iyake. Ma session ndi cache ya Moodle muziike pa Redis ya pa seva yomweyo, siidya zambiri. Ndipo kambiranani ndi aphunzitsi kuti makalasi asayambe onse 8 koloko. Ena 8:00, ena 8:10, ena 8:20. Zimenezi sizifuna dola ngakhale imodzi.

Wa Moodle ku Zomba:
Achemwali, ndangoyang'ana kumene. Buffer pool ili pa 128 MB, max_children ili pa 150. Za kusiyanitsa nthawi ndikukaonana ndi a dean mawa m'mawa.

Mchemwali wa Database:
Ma process 150 pa RAM 8 GB yomwe ikugawananso ndi database, n'chifukwa chake swap ikudzaza. Konzani ziwirizo kaye. Kenako ine ndikanachita chonchi: database ichoke ipite pa seva yakeyake, imeneyo ndiyo muziikulitsa. PHP ikhale pa seva ina. Mukatero mwatsegula khomo: tsiku limene ophunzira adzachuluke, kuwonjezera seva yachiwiri ya PHP kudzakhala kosavuta, monga akufunira a ku Johannesburg.

Wa ku Johannesburg:
Pamenepo tili limodzi. Koma ma seva awiriwo akhale mu dera limodzi ndi zone imodzi. Tsamba limodzi la Moodle limafunsa database kambirimbiri, ndiye millisecond iliyonse pakati pawo imawirikizidwa.

Wophunzira ku Mzuzu:
Nanga adziwa bwanji kukula koyenera asanafike pa mayeso enieni?

Wa ku Manchester:
Moodle ili ndi chida chake chopangira test plan ya JMeter, pulogalamu yoyesera seva ndi anthu abodza ambiri, chili pansi pa Development mu Site administration. Akopere seva yonse, ayatse yokoperayo kwa maola ochepa, aimenye ndi ophunzira abodza ochuluka ngati a kalasi yaikulu kwambiri, kenako aizimitse. Ayesere pa 16 GB, pa 32 GB, aone pomwe yaleka kutsamwa. Maola ochepawo adula madola owerengeka. Asayesere pa seva yeniyeni, chidacho chimapanga makosi ndi maakaunti ambirimbiri.

Mkulu wa ma Seva ku Blantyre:
Ndi chenjezo limodzi pokweza, achimwene a ku Zomba. Ngati muli pa DigitalOcean kapena Hetzner, pokulitsa amakufunsani ngati mukufuna CPU ndi RAM zokha, kapena ndi disiki yomwe. Sankhani CPU ndi RAM zokha. Mukakulitsa disiki simungabwererenso pa seva yaing'ono, ndipo masamu a achemwali aja a kutsitsa mayeso akatha agwa. Ngati mtundu wa seva yanu ndi wa CPU yogawana ndi ena, kapena wa ma credit ngati t3 ya AWS, pa sabata ya mayeso mutenge ya CPU yanuyanu. Ndipo tengani snapshot, kope la seva yonse, musanazimitse.

Wa Akaunti ku Lilongwe:
Pa pepala lopita kwa abwana mulembe mizere iwiri: mtengo wa mwezi wamba, ndi mtengo wa mwezi wa mayeso, yonse m'madola, ndi miyezi yake pa kalendala. A akaunti anu akaona zimenezo apempha dola nthawi ikadalipo.

Wa Moodle ku Zomba:
Zikomo mayi, ndilemba choncho. Achemwali, buffer pool ndiike pa zingati pamene database ikadali limodzi ndi PHP pa 8 GB?

Mchemwali wa Database:
Onani kaye kukula kwa database yonse, makamaka tebulo la mdl_logstore_standard_log, limafufuma kwambiri ndipo mwina ndi theka la zonse. Ngati ma log akale sakufunika, ikani malire a masiku osungira. Yambani ndi 2 GB, max_children itsike kufika pa zimene RAM yotsalayo ingakwanitse, ndiye mutumize pano zimene free -m ikuonetsa za RAM pa quiz yotsatira.